Makutu a Galu wa Amuna Anga

Chaka chimene ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ine ndi amuna anga tinabwerera kumudzi kwathu kufupi ndi Lobi, pamalo amene mayi anga anandisiyira. Nyumba tinali titamanga kale pang'onopang'ono, yamalata, yoyang'ana kuphiri. Ana athu awiri anali atakula. Wamkazi ndi namwino ku Lilongwe, wamwamuna ali kutali ndi banja lake. Choncho pakhomo tinatsala awiriwiri, pamodzi ndi nkhuku, ndi mphaka wamkazi wamawangamawanga amene tinamupeza atakhazikika kale pansi pa nkhokwe ngati kuti malowo anamusiyira ndi iyeyo.

Galu anabwera pambuyo. Mayi wina amene ndinaphunzitsa ana ake onse anandibweretsera kamwana kagalu m'dengu, akuti ndi mphatso yotsanzikirana. Kanali kofiirira, mapazi akuluakulu, makutu aatali ogwa, osati oima ngati a agalu ambiri a kumudzi kuno. Amuna anga atakaona sanakondwe.

"Mayi, tapuma pa ntchito kuti tiyambenso kulera?"

"Kakakula kazikulonderani mbatata kudimba," ndinatero.

"Ine galu pakhonde sindimufuna."

Sipanathe miyezi itatu, galuyo anali wawo. Amuna anga anagwira ntchito ya ukalaliki zaka zambiri, ndipo atapuma ankaoneka ngati munthu wosowa poika manja. Dimba ndi limene linawapatsa chochita, ndipo galu ndi amene ankawaperekeza. M'mamawa nkhungu isanachoke m'chigwa ndinkawaona akutsetsereka, iwo patsogolo khasu lili paphewa, galu pambuyo makutu ali lendelende. Ankalankhula naye njira yonse. Ankamuuza za kabichi amene mbozi zadya, za nyemba zimene zachedwa kumera, za anthu a kumphakati amene amafika mapemphero ali pakati. Ndikawafunsa kuti mumacheza ndi yani kumeneko, ankayankha kuti, "Ndi amene satsutsa."

Mphaka ndi galu anazolowerana msanga. Kwathu kuno nyengo yozizira madzi a mumtsuko amachita kuluma mano, ndiye awiriwo ankagona pamodzi pachisaka m'khitchini, mphaka atadzipinda pakhosi pa galu, mitu itagundana. Alendo akaona ankaseka, amati pakhomo pa aphunzitsi ngakhale nyama zinaphunzira mwambo. Ine ndinkanyadira.

Vuto linayamba galu ali ndi zaka zitatu, mvula ikupita kumapeto, chimanga chitayamba kukhwima. Choyamba chinali phokoso. Ndikakhala pakhonde ndikusankha nyemba, ndinkangomva phaphapha! galu akupukusa mutu, makutu akumenya masaya. Pakapita kanthawi, phaphapha! Kenako ankakhala pansi n'kuyamba kukanda khutu ndi mwendo wakumbuyo, uku akulira chapansipansi, zikumupweteka koma osatha kuleka. Ntchentche nazo zinapeza pamene wadzikanda, pamwamba pamene khutu limapindikira, ndipo zinkaunjikana pamenepo mpaka panabuka tizilonda.

Amuna anga anachita zimene aliyense kwathu kuno amachita. Anapita kuchigayo, anakapempha oyilo wakuda wotsala mu injini, n'kumupaka galu pamakutu ndi nthenga ya nkhuku. Ntchentche zinathawadi masiku awiri. Koma galu ankakanda, kenako n'kunyambita phazi limene wakandira, ndipo khoma la pakhonde limene ndinali nditangolipaka laimu linadzaza madontho akuda. Kupukusa mutu sikunasiye.

Sabata yomweyo kunabwera alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, kuchokera ku Chimbiya kumene amagulitsa mbatata pamsewu. Alamu angawo sasowa mankhwala a chilichonse. Anamuyang'ana galu kamodzi kokha.

"Alamu, galu uyu ali ndi mphutsi m'mutu. Mudontheze parafini, madontho atatu uku, atatu uku. Wathu tinatero."

"Ndiye anachira?" ndinafunsa.

"Kukanda anasiya."

"Ali kuti pano?"

"Anagundidwa ndi minibasi. Sankamva hutala."

Atamaliza kunena anadzimva okha, n'kuyamba kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Parafini sitinadontheze.

Patapita masiku angapo, m'mawa wina amuna anga anatenga khasu, anaimba mluzu, koma galu sanabwere. Tinamupeza kuseri kwa nkhokwe atagona, mutu atautsamiritsa pansi. Nditawerama ndinaona kuti khutu lakumanzere latupa ngati chitumbuwa. Linali lofunda, ndipo ndikalidina ndi chala linkabwerera ngati muli madzi. M'kati munkatuluka fungo lowawasa ngati la gaga wonyowa amene waiwalika m'chidebe. Galuyo anandiyang'ana ndi diso limodzi, mchira anaugwedeza kamodzi kokha.

Tsiku limenelo amuna anga kudimba sanakhalitse. Anabwerera dzuwa lisanakwere, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi singano yosokera matumba. Akuti aiotche pamoto aboole chotupacho.

"Dikirani kaye, Bambo, ndimufunse mwana," ndinatero.

Ndinamuimbira foni mwana wathu namwino uja. Anamvetsera zonse, kenako anati, "Amayi, auzeni ababa asaboole. Ine ndinaphunzira za anthu, za agalu sindizidziwa, koma singano ya matumba ayi. Kulibe alangizi a ziweto kumeneko?"

Alangizi analipo, tinkangomva njinga yawo yamoto ikudutsa kumsewu. Koma amuna anga anachita manyazi.

"Alangizi amawaitanira ng'ombe, mbuzi, nkhumba. Ine ndikaimike munthu wa boma chifukwa cha khutu la galu? Anthu akamva adzati ukalamba wafika kumutu."

"Safunsa anadya phula," ndinatero, uku ndikumanga chitenje.

Tsikulo kunali katemera wa chitopa m'mudzi woyandikana ndi wathu. Alangiziwo ndinawapeza pansi pa mkuyu atazunguliridwa ndi amayi onyamula nkhuku m'khwapa. Anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, atavala jombo ndi ovolosi yobiriwira. Ndinadikira mpaka nkhuku yomaliza italandira dontho lake m'diso, kenako ndinasendera n'kufotokoza, ndikuyembekeza kuti andiseka. Sanaseke. Anandifunsa kuti galuyo anayamba liti, ngati akudya, ngati akuyenda molunjika kapena akuzungulirazungulira ngati woledzera, ndiponso kuti tamuthira chiyani. Nditatchula oyilo anatsinzina pang'ono.

"Parafini?"

"Tinatsala pang'ono."

"Mwachita bwino kubwera, amayi. Kwerani, tipite."

Aka kanali koyamba kukwera njinga yamoto yoyendetsedwa ndi mkazi. Ndinafika pakhomo nditawagwira m'chiuno zolimba, mpango utapendekera kukhutu, amuna anga ali pakhonde kukamwa kuli yasa.

Alangizi anapereka moni mwaulemu, anasamba m'manja, n'kugwada pambali pa galu. Khutu sanafulumire kuligwira. Anayamba ndi kumusisita pamsana akumulankhula, kenako anapempha amuna anga kuti amumange kukamwa ndi kansalu, mosathinitsa, ndipo amukumbatire pachifuwa. Anatukula kaye khutu losatupalo, anaunikamo ndi tochi ya foni, ananunkhiza. Ndi thonje anatapamo zinthu zakuda bii, zoyoyoka ngati masamba a tiyi ouma.

"Amayi, muli ndi nsalu yakuda?"

Ndinabweretsa mpango wanga wopitira kumaliro. Anayala zinyalalazo pamenepo, anatulutsa m'chikwama kagalasi kokulitsa zinthu, n'kundipatsa.

"Yang'anitsitsani. Musapumirepo mwamphamvu."

Poyamba sindinaone kanthu. Kenako kadontho koyera, kochepa kuposa njere ya mchere, kanasuntha. Kena kanasunthanso, ndi kena.

"Ndi tizilombo timeneti," anatero alangizi. "Tili ngati utitiri wa nkhuku, koma n'tating'ono kwambiri, ndipo timakhala m'khutu. Tikamayenda m'menemo galu amamva kuyabwa koti sangapirire."

Amuna anga anapempha kagalasiko, anayang'ana nthawi yaitali, dzanja lina likadali pachifuwa pa galu. "Galu wamkota sakandira pachabe," anatero chapansipansi.

Ine za khutu ndinaphunzitsa zaka zambirimbiri. Ndinkalijambula pabolodi ndi choko cha mitundu itatu, lakunja, lapakati ndi lam'kati, ana n'kumakopera m'makope. Ndinkaganiza kuti khutu ndi khutu basi, kaya la munthu kaya la galu. Ndiye ndinafunsa kuti nanga bwanji zinyalalazo sizigwa zokha, poti galu amapukusa mutu tsiku lonse. Alangizi anathyola kamtengo, anasalaza dothi ndi chikhatho, n'kuyamba kujambula.

"La munthu njira yake ndi yaifupi, imangolowa chopingasa, chonchi. La galu imayamba yatsika kaye pansi, kenako n'kukhota kulowa m'kati, ngati mkono mutaupinda pachigongono. La mphaka chimodzimodzi. Ndiye phula, fumbi, madzi, zonse zimakakhala pokhotapo, ndipo kuti zituluke ziyenera kukwera chitunda. Wanuyu makutu ake ndi ogwa, akhala ngati chivundikiro. Mphepo siilowa, m'kati mumakhala mofunda ndi monyowa. Tizilombo tikayambitsa, matenda ena amatsatira, n'chifukwa chake mukumva fungoli."

Kumapeto kwa njira ija anajambula kamzere. "Apa pali kachikopa kopyapyala ngati ka ng'oma."

"Kamene kamanjenjemera mawu akafika," ndinalowerera ine, pakamwa patanditsogolera. "Kuseri kwake kuli timafupa titatu."

Anadzutsa mutu n'kumwetulira. "Amayi ndinu aphunzitsi?"

"Ndinali."

"Ndiye malizitsani inuyo."

Ndinalandira kamtengo, ndinagwada, ndinajambula timafupa tija ndi kankhono ka m'kati mwenimweni kamene kamatumiza mawu ku ubongo. Dzanja linali lisanaiwale. Iwo anawonjezera tinjira tokhotakhota pafupi ndi kankhonoko, n'kunena kuti timeneto ndi timene timathandiza nyama kuima ndi kuyenda molunjika, n'chifukwa chake anandifunsa ngati galu akuzungulira. Matenda akaboola kachikopa kaja n'kulowa m'kati, anatero, galu amapendeketsa mutu, amagwa, nthawi zina amasiya kumva.

"Ndiye taganizani parafini atalowa m'khutu loti laboka kale. Oyiloyunso, abambo, amatentha chilonda, ndipo galu akamanyambita amamulowa m'mimba."

Amuna anga anatsokomola, n'kuloza khutu lotupa lija. "Nanga ichi? Si mafinya?"

Alangizi anafotokoza kuti tsamba la khutu lili ngati nsalu ziwiri zosokedwa pamodzi, pakati pake pali kafupa kofewa ndi timitsempha ta magazi. Galu akapukusa mwamphamvu masiku ambiri, kamtsempha kamaduka, magazi n'kudzaza pakatipo. "Si mafinya, ndi magazi. Mukadaboola ndi singano ya matumba mukadalowetsamo matenda oposa amene alipowa."

Singanoyo inali ikadali m'thumba la malaya awo. Ndinaona akuikankhira pansi ndi chala.

Ntchito yeniyeni inatenga nthawi. Alangizi anachotsa oyilo yense ndi madzi ofunda ndi sopo, anapukuta khutu ndi sipiriti, anatulutsa jakisoni watsopano m'pepala lake, n'kukoka magazi aja. Anadzaza kawiri. Galu ananjenjemera koma sanalimbane, poti amuna anga ankamunong'oneza kukhutu linalo, sindikudziwa kuti ankamuuza chiyani. Kenako anathira mankhwala otsukira m'makutu monse muwiri, akusisita patsinde mpaka kumamveka tchofu tchofu, n'kumusiya kuti apukuse. Zimene zinatuluka sindingazifotokoze anthu akudya. Anamubaya jakisoni wophera tizilombo tija, anapinda khutu lotupalo pamwamba pa mutu n'kulikulunga ndi bandeji, kusiya poonekera pakhomo pa njira ija kuti tizitha kudontheza mankhwala. Galu anaimirira akuoneka ngati munthu wodwala dzino.

Ife tinkati zatha. Koma akusamba m'manja alangizi anafunsa, "Pakhomo pano pali mphaka?"

"Alipo, koma ali bwinobwino," ndinayankha.

"Amagona kuti?"

Ine ndi amuna anga tinayang'anana, kenako ndinatchula chisaka cha m'khitchini chija.

Anatiuza kuti tizilombo timeneti timakonda amphaka kuposa agalu, ndipo amphaka ena amakhala nato osaonetsa kwenikweni. Tikachiza galu yekha, pakatha mwezi tidzayambiranso.

Mphakayo anali padenga la nkhokwe. Anaona zonse zimene zinachitikira mnzake, ndipo anali atadziwa kale chochita. Usipa sunamutsitse. Mkaka sunamutsitse. Amuna anga anakwera pamtondo kuti amufikire, iye analumphira mumtengo wa mapichesi n'kukhala panthambi yapamwamba akunyambita phazi. Pamapeto pake alangizi anati tonse tikhale pansi, tizicheza ngati tamuiwala. Ndinawiritsa tiyi, ndinatenga mbatata yophika imene inatsala m'mawa, tinakhala pakhonde. Alangizi anatiuza kuti kwawo ndi kuchigwa kotentha, ndipo chibwerere kumapiri kuno sanazolowerebe kuzizira, amavala masokosi awiriawiri m'jombo. Tili pakati pa kucheza mphaka anatsika yekha, anayenda monyang'wa kupita pambale ya usipa ija, ine n'kumuvundikira ndi thaulo.

Tinamukulunga ngati khanda, mutu wokha uli panja. M'makutu mwake munali mwakuda kuposa mwa galu, ndipo ndinachita manyazi kuti zaka zonsezi ndinali ndisanasuzumiremo. Alangizi anamutsuka, anamupatsa mankhwala a mlingo wake, uku akundichenjeza kuti mankhwala a galu ndisamapatse mphaka ndisanafunse, chifukwa alipo ena amene galu amachira nawo koma mphaka amafa nawo. Titamumasula anathawa osacheuka, ndipo masiku atatu ankakadya kwa aneba.

Pochoka anatisiyira kabotolo ka mankhwala odontheza ndi mafuta opaka patizilonda tija kuti ntchentche zisaterepo. Anati chisaka chogonera tichiotche, tiyale china. Anabwereza kawiri kuti m'khutu tisalowetse kamtengo kapena nthenga, thonje lizifika pamene chala chafika basi, chifukwa kamtengo kamangokankhira zinyalala kupitirira pokhota paja.

Masabata otsatirawo ndimawakumbuka mokoma. M'mawa uliwonse dzuwa likangofika pakhonde, amuna anga ankakhala pampando wawo, galu pakati pa miyendo, ine nditagwada ndi botolo. Ndinkatukula khutu n'kudontheza, iwo n'kumasisita patsinde. Masiku oyamba galu akaona botolo ankakabisala m'chimanga. Pofika sabata yachiwiri ankabwera yekha, n'kutsamiritsa mutu pabondo pawo, ndipo akamusisita ankabuula mokondwa, maso atatsinzina, mwendo wakumbuyo ukugunda pansi wokha. Tinali titakhala m'banja zaka zoposa makumi atatu, iwo kuofesi ine kusukulu, aliyense ndi zake. Sindikumbuka ntchito ina imene tinaigwirapo chonchi, tsiku ndi tsiku, titaweramira chinthu chimodzi. Tinkakangana pang'ono za madontho. Iwo ankati ndadontheza asanu, ine ndinkati anayi, galu ali phee kudikira kuti timalize.

Mphaka ndiye anali ntchito yanga ndekha, ine ndi thaulo. Amuna anga ankati iwo ndi mphakayo sanagwirizanepo chilichonse chiyambire. Zipsera za zikhadabo ndinapita nazo ku Misa ya Pasaka, ndipo amayi a kwaya ankandifunsa ngati ndinagwera m'minga.

Patatha masabata awiri alangizi anabweranso kudzabaya jakisoni wachiwiri. Bandeji inali itagwa kalekale, galu anaisiya pansi pa mpanda tsiku lachinayi, ndipo khutu linali litadzazanso pang'ono. Anakokanso magazi, ochepa ulendo uno, n'kutiuza mosabisa kuti khutulo silidzabwerera mwakale, likadzauma lidzakwinyika. Amuna anga anafunsa ngati lizidzamupweteka. Atamva kuti ayi, anati basi, kukongola galu sadyera.

Ulendo umenewu alangizi anali atabwereka ku boma kachipangizo kounikira m'khutu, katochi kokhala ndi kamlomo kosongoka ndi kagalasi kumbuyo. Anakokera khutu m'mwamba pang'ono kuti njira iwongoke, analowetsa kamlomoko mosamala, anayang'ana, kenako anandikodola.

"Aphunzitsi, bwerani muone."

Ndinaika diso pakagalasi. Ndinaona njira yofiirira, yoyera bwino tsopano, ndipo kumapeto kwake kachikopa kotuwa, kowala pang'ono ngati khoko la anyezi. Zaka zonse zija ndinkajambula pabolodi chinthu chimene ndinali ndisanachionepo ndi maso. Ndinakhala chiweramire mpaka msana unayamba kudandaula.

"N'kathunthu, sikanaboke," anatero alangizi. "Mwamupulumutsa."

Amuna anga anasendera pafupi, manja ali kumbuyo. "Alangizi, kachipangizo kanuka kamaonanso m'makutu mwa anthu?"

"Bwanji, abambo?"

"Ayi, kungofunsa. Mayi awa amati ndimakweza wailesi."

Zinali zoona. Chaka chathunthu ndinali ndikuwauza kuti ku Misa amayankha anzawo atamaliza kale, ndipo ndikawaitana kuchokera kukhitchini amayankha galu, iwo ayi. Ankakana, amati ine ndi amene ndimalankhulira m'kamwa. Alangizi anaseka, anati iwo ndi a ziweto, munthu sangamugwire, koma kuchipatala kuli kachipangizo ngati komweka ndipo kuunika sikutenga nthawi. Mawu amenewa mwana wathu anali atawanena kangapo konse pafoni osamveka. Tsiku limenelo anamveka.

Lachisanu lake amuna anga anavala jekete n'kukakwera minibasi ya ku boma, ulendo wa kuchipatala. Anabwera chakumadzulo akuyenda mosamala ngati asenza mazira. Akuti anawatsuka m'makutu ndi madzi ofunda, ndipo munatuluka phula louma ngati njere za nandolo, mbali zonse ziwiri. Atakankha chitseko anaima.

"Mayi, kodi chitseko ichi chimalira chonchi masiku onse?"

"Chiyambire chaka chatha."

Sanavule n'komwe jekete. Anapita kukatenga oyilo wotsala uja n'kuthira m'mahinjesi.

Khutu la galu linauma monga ananenera alangizi. Linakwinyika, linalimba, linakhala lalifupi kuposa linzake, ngati bowa woyanika. Kupukusa kunatha, fungo linatha, tizilonda tinapola n'kumeranso ubweya. Anthu panjira akafunsa kuti galuyu anatani, amuna anga ankaima, kutsitsa khasu, n'kufotokoza zonse kuyambira pachigongono, akujambula padothi ndi chala. Ena ankachedwa nazo kumunda. Alamu anga atabweranso anamvetsera phunziro lonse mpaka kumapeto, kenako anati iwo ankadziwa kale kuti muli tizilombo, anangolakwitsa dzina.

Mbiri inayenda, ndipo anthu anayamba kubwera ndi agalu awo pakhomo pathu ngati kuti ndatsegula chipatala. Ine sindichiza. Ndimatukula khutu, ndimayang'ana, ndimanunkhiza. Ngati ndi nkhupakupa yakakamira m'mphepete kapena njere za chisoso zakola muubweya, ndimachotsa. Ngati ndi zoposa pamenepo ndimaimbira alangizi, ndipo akakhala ndi ulendo wa mbali ino amapatuka.

Amene sindimuiwala ndi galu wa mayi wina wamasiye wa kumphakati kwathu, amene munda wake uli kumtunda, m'mphepete mwa nkhalango. Anabwera naye atamumanga chingwe cha luzi, galu wakuda wokalamba, mutu utapendekera kumanja ngati akufunsa funso. Akati ayende ankakhotera mbali imodzi, nthawi zina n'kugwa. Nditatukula khutu, mafinya anali akuchita kutsika, ndipo galuyo analira ndisanamugwire n'komwe patsinde.

"Wayamba liti, amayi?" ndinafunsa.

"Kukanda ndi kalekale, aphunzitsi, chaka chatha chomwe. Kugwaku ndi sabata ino. Anthu akuti wapenga, timuphe. Koma akudya, madzi akumwa, ine akundidziwa. Ndikamupha, anyani andimalizira chimanga."

Ndinawauza kuti za kupenga ine sindingaweruze, amumangirire kaye pamthunzi, ana asamuyandikire, mpaka alangizi amuone. Anabwera tsiku lotsatira. Anafunsa za katemera wa chiwewe, mayiwo anatulutsa kapepala kake m'buku la nyimbo, kenako alangizi anamuunika galuyo. Sanali wopenga. Matenda anali ataboola kachikopa kaja n'kulowa m'kati. Alangizi anawauza zoona, kuti mankhwala atenga masabata ambiri, kuti khutu limenelo mwina silidzamvanso, ndiponso kuti mutu ukhoza kukhala chipendekere. Mayiwo maso awo ndi ofooka, ndiye mapiritsi ndinkawawerengera ine, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakwera chitunda kukaona ngati galu wameza kapena walavulira kuseri kwa mtondo. Ulendo umenewo unandilimbitsa miyendo. Pobwerera ndinkapuma pamwala wina waukulu pamene pamaoneka chigwa chonse, madimba obiriwira ali ndandanda m'mbali mwa mtsinje.

Galuyo anasiya kugwa pa sabata yachitatu. Mutu sunawongoke, ndipo ukamuitana uli kumanja kwake amatembenukira kumanzere kukufunafuna. Chaka chotsatira, chimanga chitakhwima, mayi aja anabwera pakhomo atasenza lichero la nsawawa zaziwisi zosenda kale. Ndinawafunsa za mlonda wawo.

"Ali kumunda," anatero akutula lichero. "Akuuwa mutu uli chammbali, koma akuuwa. Anyani sadziwa kuti khutu lina silimva."

Nsawawazo ndinaphika ndi tomato tsiku lomwelo, zina ndinapatula m'kambale kuti alangizi akadutsa adzatenge.